Mkaka sunasase koma ukununkha ngati nthenga zowauka: kodi getsi la m'filiji lingauwononge?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Bvumbwe:

"Zikomo akatswiri. Ndife gulu la amayi, timagula mkaka kwa alimi a ng'ombe, kuuphika, kenako kuuthira m'mabotolo apulasitiki oonekera mkati a theka la lita. Timapanganso yogati, ina yoyera, ina timaithira utoto wofiira. Chaka chino tinagula filiji ya chitseko chagalasi yokhala ndi getsi mkati kuti katundu azioneka. Chigulireni filijiyi, makasitomala akudandaula kuti mkaka ukumveka kafungo kachilendo. Ena akuti ngati kabichi wophika, ena akuti ngati nthenga za nkhuku zowauka, ndipo ukagona masiku awiri umakoma ngati wanyambita katoni. Chonsecho sunasase, ukauwiritsa suchita mibulu, ndipo filiji ikuzizira bwinobwino. Yogati yofiirayo ikumatuwa mbali imene yayang'ana kugalasi. Mwana wanga amene ali ku sekondale akuti ndi kuwala, koma ine sindikumvetsa kuti kagetsi kosatentha n'komwe kangawononge bwanji mkaka wozizira. Kapena alimi akutithirira mankhwala? Nanga mkakawu ndi woopsa kwa ana?"

Yankho:

Mayi, khazikani mtima pansi, ndipo alimiwo musayambane nawo. Mwana wanuyo walasa. Fungo la kabichi kapena nthenga, kakomedwe ka katoni kobwera pambuyo, mkaka wosachita mibulu powiritsa, utoto wotuwa mbali imodzi yokha, komanso kuti zonsezi zayamba ndi filiji yagalasi, zikuloza vuto limodzi limene a zamkaka akhala akulidziwa kwa zaka zambiri. Si poizoni, ndipo mankhwala ake otchipa kuposa onse ndi mdima. Komabe ndi bwino mumvetse chimene chikuchitika m'botolomo, chifukwa mukatero mudzadziwa nokha pomwe ndalama yanu ikuyenera kupita ndi pomwe ingangotayika.

Monga mphika umakhalira pa mafuwa atatu, kuwonongekaku kumafuna kuti zinthu zitatu zikumane: kuwala, utoto woyamwa kuwalako, ndi mpweya wa okosijeni. Chimodzi chikasowa, palibe chimene chimachitika. Mungadabwe kuti utoto ukuchokera kuti mumkaka woyera umene simunathiremo kanthu. Ulimo kale, ng'ombe inauika yokha. Mukasiya chambiko kuti chikhazikike, madzi amene amalekana ndi zoundana zija sakhala oyera, amaoneka achikasu chopita kobiriwira. Mtundu umenewo ndi wa vitamini B2, amene dzina lake lina ndi riboflavin. Mu lita imodzi ya mkaka wa ng'ombe mumakhala mamiligalamu pafupifupi 1.5 mpaka 2 a vitaminiyu. Ndi wochepa ndithu, koma pa ntchito imene tikukambayi ndi wokwanira.

Kuwala koyera ndi msakanizo wa mitundu ya utawaleza, ndipo mtundu uliwonse umayezedwa ndi kutalika kwa mafunde ake m'mananomita. Nanomita ndi kamlingo kochepetsetsa ka utali. Kuwala kwa pepo kuli cha pa mananomita 400, kofiira cha pa 700. Riboflavin amayamwa kwambiri kuwala kwa buluu, cha pa 445, ndi kuwala kwa UV kumene maso saona, cha pa 375. Mapuloteni a mumkaka paokha sayamwa kuwala kooneka ndi maso ayi. Iwo amayamwa UV wa cha pa 280, amene salowa n'komwe pagalasi wamba. Ndiye kuti getsi lanu likanapeza mapuloteni okhaokha likanangowadutsa. Pamafunika mkhalapakati wotola mphamvu ya kuwala n'kuipititsa kwa puloteni, ndipo mkhalapakatiyo ndi utoto.

Zimenezi zinayamba kudziwika bwino mu 1900 ku Munich, pamene Oscar Raab anaona kuti utoto wa acridine unkapha tizilombo tating'ono ta m'madzi pakakhala kuwala, koma mumdima tizilomboto tinkapirira utoto womwewo. Mphunzitsi wake, Hermann von Tappeiner, anapitiriza ntchitoyi ndipo zinaoneka kuti popanda okosijeni utotowo sugwira.

Molekyu ya riboflavin, ndiye kuti kachidutswa kake kochepetsetsa, ikayamwa kuwala imakhala ndi mphamvu yopitirira muyezo wake. Nthawi zina imaitaya pompo ngati kutentha pang'ono kapena kuwala kobiriwira, n'chifukwa chake madzi a chambiko amanyezimira mobiriwira mukawaunika ndi tochi ya UV yoyezera ndalama zachinyengo. Koma nthawi zambiri ndithu molekyuyo imalowa mumkhalidwe umene asayansi amautcha triplet, pamene imasunga mphamvuyo nthawi yotalika kuwirikiza kambirimbiri, yokwanira kugundana ndi mnzake. Pamenepo pali njira ziwiri. Pa njira yoyamba, riboflavin amalanda elekitironi, kanthu kochepetsetsa konyamula mphamvu ya magetsi, kwa puloteni imene ili pafupi, n'kuisiya yopereweredwa, ndipo okosijeni amathamangira pamalo povulalapo. Njira imeneyi imatulutsanso zinthu zina zowononga zochokera ku okosijeni, superoxide ndi hydrogen peroxide. Pa njira yachiwiri, riboflavin amapatsira mphamvu yonseyo kwa okosijeni. Okosijeni amene timapuma ndi wofatsa, sachita changu kulumikizana ndi chakudya, koma akalandira mphamvuyi amasanduka mtundu waukali wotchedwa singlet oxygen. M'madzi amakhala ndi moyo mamaikirosekondi 3 kapena 4 okha, ndiye kuti magawo atatu kapena anayi a sekondi imodzi yogawidwa ka 1,000,000, koma nthawi imeneyo imamukwanira kuluma puloteni kapena mafuta amene ali pambali pake.

Chofunika kuchigwira ndi ichi: pa njira yachiwiriyi utoto sutha. Ukapereka mphamvu umabwerera mwakale, n'kuyamwanso kuwala kwina, n'kupatsiranso okosijeni wina, mobwerezabwereza malinga getsi likuyaka. N'chifukwa chake mamiligalamu awiri angasokoneze lita yathunthu. Riboflavin nayenso amaphwanyika pang'onopang'ono n'kusanduka lumichrome, koma pofika apo fungo limakhala litalowerera kale.

Tsopano funso lanu la kuzizira. Filiji imachedwetsa mabakiteriya chifukwa iwo amafuna kutentha kuti achuluke. Kuwonongeka kobwera ndi kuwala sikudalira kutentha, mphamvu yake imabwera ndi kuwalako. Kachidutswa kamodzi ka kuwala kwa buluu kali ndi mphamvu yofanana kaya kachokera ku babu lotentha kapena ku getsi la LED lozizira. Kuwonjezera apo madzi ozizira amasunga okosijeni wambiri: pa madigiri 4 lita ya madzi imatha kusunga mamiligalamu pafupifupi 13, pamene pa madigiri 25 ndi cha pa 8. Choncho mkaka wozizira bwino uli pansi pa getsi umatetezeka ku kusasa, koma ku vuto ili ayi.

Puloteni ili ngati chingwe cha mikanda chopiringizidwa, ndipo mikandayo ndi ma amino asidi a mitundu 20. Mwa imeneyi, isanu ndi imene imavulala msanga: methionine, cysteine, tryptophan, tyrosine ndi histidine. Mlandu wa fungo lanu waukulu uli pa methionine, amene ali ndi sulufule. Akakhudzidwa pang'ono amangolandira okosijeni mmodzi n'kukhala methionine sulfoxide, wopanda fungo. Akaphwanyika amatulutsa methional, amene amanunkha ngati mbatatesi yophika, ndipo kuchokera apo pamabadwa methanethiol ndi dimethyl disulfide, amene ali ndi fungo la kabichi wophikitsa. Stuart Patton wa ku Pennsylvania, ku America, ndi amene anaonetsa mu 1954 kuti methionine ndi riboflavin pamodzi ndiwo gwero la fungo la mkaka wokhalitsa padzuwa. Makasitomala amene akuti nthenga zowauka sakukokomeza. Nthenga zili ndi sulufule wambiri, ndipo mukamawaula nkhuku pamoto mumamva abale ake a mamolekyu omwewa. Mphuno ya munthu imamva zinthu za sulufule zikakhala zochepetsetsa, kotero puloteni yowonongeka ingakhale kadontho chabe m'botolo, koma kasitomala adziwa.

Mikanda inayo siinunkha koma imasintha thupi la puloteni. Tryptophan amang'ambika n'kukhala N-formylkynurenine kenako kynurenine, amene ndi wachikasu. Ndi zomwezo zimene zimachititsa kuti juzi yoyera ya ubweya wa nkhosa kapena nsalu ya silika ichite chikasu ikayanikidwa padzuwa kawirikawiri. Tyrosine awiri ovulala amagwirana n'kumangirira zingwe ziwiri za puloteni pamodzi, ndipo cysteine amachitanso chimodzimodzi kudzera mu sulufule wake. Histidine amavulala kwambiri mumkaka wosasasa, umene pH yake (mulingo wa asidi: ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka) ili cha pa 6.6 kapena 6.7, koma mu yogati, imene ili cha pa 4.5, amatetezeka chifukwa asidi amamuphimba. Mapuloteni omangirirana chonchi sasungunuka bwino, ndipo amene amagwira ntchito ngati ma enzyme, ofulumizitsa kusintha kwa zinthu, amafooka. Palinso ma peroxide, zinthu zonyamula okosijeni wowonjezera, amene amatsalira pa puloteni ndi pa mafuta, n'kumaphwanyika pambuyo pake ngakhale mumdima. Ndiye botolo limene lakhala padzuwa ola limodzi popita kumsika, kulibweza m'filiji sikulichiritsa.

Madokotala a maso amagwiritsa ntchito dala kumangirira komweku. Pa matenda a keratoconus, pamene galasi la kutsogolo kwa diso limapyapyala n'kutukuka, amadonthezera riboflavin wa 0.1% m'diso n'kuliunika ndi UV wa cha pa 370 kwa mphindi 30 kuti mapuloteni ake alimbe. Ndatchula izi kuti muone kuti vitamini wofatsayu akakumana ndi kuwala ali ndi mphamvu zenizeni.

Kakomedwe ka katoni ndi nkhani ya mafuta. Okosijeni waukali uja amalumanso mafuta a mumkaka, amene amaphwanyika pang'onopang'ono n'kutulutsa zinthu monga hexanal ndi pentanal. Fungo la sulufule limabwera msanga, ndipo patapita masiku awiri kapena atatu limayamba kuchepa. La mafuta limachedwa koma likafika silichoka, limangokulirakulira. Mwafotokoza ndondomeko yomweyi m'kalata yanu, ndipo ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse kuti vuto ndi kuwala.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji? Yochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Kuwala kumayezedwa m'ma lux. Ofufuza a ku Cornell University anapeza mu 2002 kuti mkaka wa m'botolo lapulasitiki uli pansi pa magetsi amachubu a 2,000 lux, olawa ophunzitsidwa ankamva kusintha patangopita mphindi 15 mpaka 30, ndipo anthu wamba ankamva pakati pa mphindi 54 ndi maola awiri. Mulingo wa 2,000 lux ndi wosadabwitsa pa shelefu yoyandikana ndi getsi. Dzuwa la masana limafika pa 100,000 lux. Poteropo mphindi zochepa pa keriyala ya njinga kapena pa tebulo la pamsika zingawononge mofanana ndi maola angapo m'filiji.

Magetsi a LED ambiri amawaona ngati osalakwa chifukwa satentha ndipo satulutsa UV. Koma LED yoyera mkati mwake ndi ya buluu, ya cha pa 450, yophimbidwa ndi zinthu zachikasu kuti ioneke yoyera. Buluu ameneyo wagwera ndendende pamene riboflavin amayamwa kwambiri. Onani pa bokosi la getsi: lolembedwa 6500K, loyera mopita kubuluu, lili ndi buluu wambiri kuposa lolembedwa 2700K kapena 3000K, lowala mwachikasu. Lachikasulo ndi labwinopo, koma musalidalire kotheratu, chifukwa mumkaka mulinso tiutoto tina tochepa kwambiri, protoporphyrin ndi zotsalira za chlorophyll wa m'msipu monga nsenjere, timene timayamwa kuwala kwa pepo komanso kwa olenji ndi kofiira. Timeneti ndi timene timavutitsa kwambiri batala ndi tchizi. Pepala lachikasu pagalasi limachepetsa vuto, silimalithetsa.

Pali zinthu zina zimene zimakulitsa vutoli. Botolo laling'ono lili ndi khoma lalikulu poyerekeza ndi mkaka uli mkatimo, ndiye la theka la lita limavulala msanga kuposa chigubu cha malita asanu. Mkaka wochotsedwa zonona umalola kuwala kulowa patali. Kuthira mkaka kuchokera pamwamba mpaka uchite thovu kumalowetsa mpweya, ndipo mpata waukulu pakhosi pa botolo ndi nkhokwe ya okosijeni. Mkuwa ndi dzimbiri ndi adani aakulu: kachidutswa kochepa ka mkuwa kochokera ku mpopi kapena sefa, kapena dzimbiri la chidebe, kamaphwanya ma peroxide aja n'kufulumizitsa kakomedwe ka katoni ndi ka chitsulo, ngakhale mumdima. Ziwiya za mkaka zikhale za stainless steel kapena aluminiyamu, osati mkuwa kapena malata ochita dzimbiri.

Tibwere ku yogati yofiira. Si utoto uliwonse umene umachita ngati riboflavin. Woyenera kuusamala kwambiri pa yofiira ndi erythrosine, wolembedwa E127 kapena CI 45430 pa chikuto, umene umapereka mtundu wa pinki wowala. Molekyu yake ili ndi maatomu anayi a ayodini, ndipo maatomu olemera chonchi amaikankhira mumkhalidwe wa triplet uja. Umayamwa kuwala kobiriwira, cha pa 530, kumene riboflavin sakuyamwa kwenikweni, ndiye mukauthira mu yogati mwatsegula khomo lachiwiri lolowera kuwala. Umatuwanso msanga, ndipo m'zakudya za asidi susungunuka bwino. Ku America boma linauletsa m'zakudya mu January 2025, n'kupatsa opanga zakudya mpaka January 2027 kuti asiye, ngakhale chifukwa chake chinali zotsatira za kafukufuku wa khansa pa makoswe, osati nkhani ya kuwala. Ine ndingakulangizeni kuti muusiye.

Utoto wa gulu la azo, monga carmoisine E122, ponceau 4R E124 ndi allura red E129, umataya mphamvu ya kuwala ngati kutentha ndipo supanga okosijeni waukali wochuluka. Umapirira kuwala bwinopo, komabe ungatuwe mu yogati chifukwa riboflavin wa mumkakamo akuuwononga. Wofiira wa beetroot, E162, suvulaza mapuloteni koma ndi wosalimba, umazimirira ndi kuwala ndi kutentha komwe. Beta-carotene ndi abale ake achikasu amachita zosiyana: amalanda mphamvu kwa singlet oxygen n'kumubweza kukhala wofatsa, ngakhale nawonso amatha akagwira ntchitoyi nthawi yaitali. Tengani paketi ya utoto wanu muwerenge nambala yake. Ngati ndi ufa wa m'kajumbo kopanda dzina, kopanda nambala, usalowe m'chakudya cha anthu, chifukwa simungadziwe ngati ndi wa chakudya kapena wa nsalu.

Ngati mumayeza mkaka wa alimi ndi methylene blue kapena resazurin, nkhaniyi ikukhudzaninso. Pa mayeso a methylene blue mumathira mililita 1 ya utoto mu mamililita 10 a mkaka, n'kuika pa madigiri 37, n'kuona nthawi imene buluu azimiririke. Akazimiririka msanga ndiye kuti mabakiteriya ndi ambiri. Koma methylene blue amayamwa kuwala kofiira, cha pa 664, ndipo padzuwa amatha kutuwa popanda mabakiteriya, mlimi wosalakwa n'kubwezedwa mkaka wake. Machubu oyezera azikhala ovundikira, ndipo utoto wosungunula uzikhala m'botolo la bulauni m'kabati.

Musanagule kanthu, tsimikizani nokha. Pa mkaka wophikidwa mumphika umodzi, dzazani mabotolo anayi ofanana. Awiri akulungeni ndi pepala la aluminiyamu lokutira zakudya, kuyambira pansi mpaka pa chitsekerero, osasiya mpata. Awiri asiyeni pambalambanda. Onse aikeni pa shelefu imodzi pafupi ndi getsi. Patapita maola asanu ndi limodzi tengani limodzi lokutira ndi limodzi losakutira, otsalawo mudzawalawe patapita masiku awiri. Mkakawo uzikhala utafunda pang'ono, cha pa madigiri 15, chifukwa wozizira kwambiri umabisa fungo. Wolawa aliyense mpatseni makapu atatu, awiri a botolo limodzi, imodzi ya botolo linalo, osamuuza, ndipo anene kapu yosiyana ndi inzake. Ayambe kununkhiza asanalawe, ndipo azichukucha m'kamwa ndi madzi. Wongolota amalasa kamodzi pa katatu, ndiye pa anthu 12, ngati 8 kapena kuposa alasa, kusiyanako ndi kwenikweni. Ngati lokutira lili bwino ndipo losakutira likununkha, mlandu watha. Ngati onse awiri akununkha mofanana, vuto linalowa mkaka usanafike m'filiji, ndipo muyang'ane ziwiya, kanyamulidwe ndi chakudya cha ng'ombe.

Chochita choyamba sichifuna ndalama: zimitsani getsi la m'filiji, makamaka usiku pamene palibe wogula. Ngati lilibe switchi yakeyake, wamagetsi angakuikireni. Filijiyo isayang'ane kukhomo kapena kuzenera kumene dzuwa limalowa. Kuti katundu azionekabe, ikani kutsogolo mabotolo angapo achionetsero, opakidwa penti yoyera mkati kapena odzaza madzi a ufa, olembedwa bwino kuti si ogulitsa, ndipo mkaka weniweni ukhale kumbuyo m'kireti yovundikira kapena m'katoni. Shelefu yoyandikana ndi getsi ipatseni zakumwa za m'zitini. Pa babu laling'ono, kuwirikiza kawiri mtunda kumachepetsa kuwala pafupifupi kanayi, choncho ngakhale kusuntha mabotolo pang'ono kumathandiza. Oyamba kulowa azikhala oyamba kutuluka.

Chachiwiri ndi chotengera. Botolo loonekera mkati, lapulasitiki kapena lagalasi, silitchinga buluu. Galasi lobiriwira limatchinga pang'ono chabe, la bulauni limatchinga kwambiri kuwala kosafika pa mananomita 500, n'chifukwa chake opanga mowa ambiri amalikonda, pakuti mowa nawo uli ndi riboflavin ndipo umanunkha ukakhala padzuwa. Mabotolo oyera osaonekera mkati, amene pulasitiki yake anaisakaniza ndi titanium dioxide, ndi abwino, koma amasiyana makulidwe. Majumbo a mkaka okhala ndi mkati mwakuda ndi makatoni okhala ndi aluminiyamu ndiwo amatchinga kotheratu. Musanagule mabotolo ambiri, tengani limodzi mulowe nalo m'chipinda chamdima, muike tochi ya foni mkati. Kuwala kumene mukuona kukutuluka ndi komwenso kungalowe. Ngati mabotolo oonekera mwagula kale ochuluka, pepala la dzina lozungulira botolo lonse, lochindikala, limathandiza kwambiri kuposa kachizindikiro kakang'ono kutsogolo, bola lifike mpaka m'mapewa mwa botolo, chifukwa getsi lambiri limachokera pamwamba.

Pothira, mkaka uzitsetsereka m'mbali mwa botolo, usachite thovu, ndipo mudzaze mpaka patsale mpata wa chala chimodzi. Alimi abweretse mkaka m'zotengera zosaonekera mkati, zovundikira. Wopita nawo kumsika anyamule m'bokosi lozizira lotseka, osati m'beseni lapululu.

Pali zinthu zimene anthu amayesa koma sizithandiza. Kuwiritsanso mkaka wovulala kale kumangowonjezera fungo lophikitsa pamwamba pa la katoni. Kuusakaniza ndi watsopano kumawononga watsopanoyo. Kuusandutsa yogati ya vanila kumabisa tsiku limodzi, kenako kakomedwe ka mafuta kamatulukira. Ndipo musathire mankhwala alionse oti ateteze mkaka. Vitamini C amene ena amatchula amatha msanga pansi pa kuwala, ndipo pakakhala mkuwa kapena chitsulo angakulitse vutolo. Zoona n'zakuti mkaka wophikidwa kwambiri umapirirako pang'ono, chifukwa kutentha kumatsegula sulufule wa m'mapuloteni amene amayamba kulandira nkhonyazo, koma si chifukwa chopserezera mkaka. Phikani pa madigiri 63 kwa mphindi 30, kapena 72 kwa masekondi 15 ngati muli ndi makina ake, muziziritse msanga kufika pa 4, ndipo kuwala mukuthane nako ndi mdima.

Za ana: mkaka umene wangosintha fungo chifukwa cha getsi, uli wophikidwa bwino ndi wozizira nthawi yonse, sudwalitsa. Chimene chimatayika ndi chakudya chake. Riboflavin amaphwanyika, vitamini A ndi vitamini C amachepa, ndipo m'botolo loonekera padzuwa lamphamvu theka la riboflavin kapena kuposa lingathe m'maola awiri okha. Kwa mwana amene mayi ake amugulira kabotolo kamodzi movutikira, kutayika kumeneko si kwamasewera, komanso mwana akakana mkaka chifukwa cha fungo angaudane nawo mpaka kalekale. Choopsa chenicheni ndi mkaka wokhala padzuwa, chifukwa pamenepo kuwala kumabwera ndi kutentha, ndipo mabakiteriya amachulukana. Botolo lotupa, mkaka wowawasa, wonanda kapena wochita mibulu powiritsa, umenewo tayani.

Dziwaninso kusiyanitsa ndi mavuto ena. Kakomedwe ka sopo kapena kowawa kamachokera ku mafuta ophwanyidwa ndi enzyme ya mumkaka wosaphika, makamaka ukakhutchumulidwa kwambiri panjira kapena ukasakanizidwa wofunda ndi wozizira. Mkaka wa mchere umaloza matenda otupitsa bere kapena ng'ombe imene yatsala pang'ono kuuma. Fungo la khola kapena la chakudya limamveka mkaka ukangofika, usanaone getsi. Ngati mukukayikira alimi, lactometer, chida choyezera kulemera kwa mkaka, idzakuuzani za madzi othiridwa, pakuti mkaka wabwino umawerenga cha pa 1.026 mpaka 1.032, ndipo kusakaniza mamililita 2 a mkaka ndi mamililita 2 a alcohol wa 68% kudzaonetsa mkaka umene wayamba kusasa. Yogati ikamakana kugwira pamene mbewu yake yoyambitsira ndi yabwino, ganizirani za mankhwala a antibiotic a ng'ombe imene yabayidwa posachedwa.

Mukaona kuti mabotolo okutira ndi osakutira omwe akununkha, kapena yogati ikukana kugwira mobwerezabwereza, kapena mkaka wa mlimi mmodzi ukukhala wa mchere kapena wa timagazi, itanani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu akaone ng'ombezo. Za utoto wololedwa mu yogati ndi mulingo wake, komanso kuyezetsa katundu wanu ku labotale, pitani ku Malawi Bureau of Standards ku Blantyre mutanyamula paketi ya utotowo, ndipo mabotolo okayezetsa muwakulunge ndi aluminiyamu, muwaike m'bokosi la ayezi, kuti asasinthe panjira. Ngati wina wamwa mkaka wanu n'kuyamba kusanza, kutsegula m'mimba kapena kutentha thupi, kumeneko si kuwala ayi. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka akakhala mwana wamng'ono kapena mayi woyembekezera, ndipo inu muimitse kugulitsa mkaka wonse wa mphika umenewo, musunge botolo limodzi losatsegula m'filiji kuti azaumoyo akaliyeze.